ZA KALE NDI ZA KUTALI: Ndalama za siliva za Agriki ndi Aroma

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kakang'ono ndithu, kakuti mwana angathe kukafumbata m'dzanja lache, koma kamene kaona zaka zoposa zikwi ziwiri. Kanthuko ndi ndalama ya siliva ya Agriki ndi Aroma akale. Kutsidya kwa nyanja kuli anthu amene asonkhanitsa ndalama zotere, si kuti akagulire mchere kapena nsaru ai, pakuti palibe sitolo imene ingazilandire lero, koma kuti aziyang'ane, aziwerenge ndi kuzisunga. Kapena wina mwa inu adzaseka nati, awo ndi masewera a anthu okhuta, ife tiri ndi khasu ndi nkhokwe zoti tiganizire. Tibvomera kuti ambiri a ife sitidzagula ndalama yotere masiku onse a moyo wathu. Koma taimani pang'ono, pakuti nkhani iyi iri pafupi ndi khomo lanu koposa m'mene muyesera.

Funsani agogo anu za masiku a mapaundi ndi mashereni, kwacha ndi tambala zisanafike m'chaka cha 1971. Adzakuuzani kuti mwini sitolo akafuna kulemba makobiri asanu ndi limodzi, ankalemba 6d. Kodi "d" ameneyo adachokera kuti? Ndiye lemba loyamba la dzina lakuti denarius, ndalama ya siliva ya Aroma. Ndiponso akatswiri a zilankhulo aganiza kuti mau athu omwe akuti "ndalama" adadza ndi amalonda a kunyanja kuchokera ku dzina la Chiarabu lakuti dirham, limene nalonso lidabadwa ku drachma, ndalama ya Agriki. Chotero maina a ndalama zakalezi akhala pakati pathu nthawi yaitali ife osadziwa.

Chiyambi chache

Ndalama zoyamba zosula zidaoneka ku Lydia, dziko limene lero liri m'kati mwa Turkey, zaka ngati 600 Kristu asanabadwe. Zidali timibulu ta golidi wosakanizika ndi siliva. Pambuyo pache mfumu Croesus idayamba kusula za golidi payekha ndi za siliva payekha. Agriki ataona kuti chinthuchi chifewetsa malonda, adachitengera msanga, ndipo mudzi uliwonse waukulu udaika chizindikiro chache. A pa chilumba cha Aegina adaika kamba, a ku Corinth adaika kavalo wamapiko, a ku Athens adaika kadzidzi.

Mudzadabwa kumva za kadzidzi, popeza kwathu kuno akalira pa denga usiku anthu agona ndi nkhawa. Koma kwa anthu a ku Athens idali mbalame ya Athena, mulungu wao wachikazi amene ankamuyesa mwini nzeru. Kumaso kwa ndalamayo kudali mutu wa Athena wobvala chisoti cha nkhondo. Kumbuyo kadzidzi wa maso akulu, kanthambi ka azitona, ndi malemba atatu oyamba a dzina la mudziwo. Dzina lache ndi tetradrachm, ndiko kunena madrachma anai, ndipo kulemera kwache kudali magalamu 17 ndi pang'ono. Mmisiri womanga nyumba m'zaka za m'ma 400 Kristu asanabadwe ankalandira drachma imodzi pa tsiku. Tsono kadzidzi mmodzi adali thukuta la masiku anai.

Siliva wache ankamkumba ku migodi ya Laurion, ndipo okumbawo adali akapolo zikwi zambiri, ogwira nchito m'maenje opapatiza ndi nyali za mafuta. Ichi tisachiiwale poyamikira kukongola kwa ndalamazo. M'chaka cha 483 Kristu asanabadwe adapeza siliva wochuruka kumeneko, ndipo anthu adafuna kugawana. Koma mkulu wina, dzina lache Themistocles, adawakopa kuti apangire zombo za nkhondo. Patangopita zaka zitatu, mu 480, zombo zomwezo zidagonjetsa Aperisi pa Salamis. Akadagawana, yense akadadya zache mwezi umodzi, mudzi nuonongeka.

Zitapita izi kudadza Alexander, mfumu ya ku Macedonia, amene adafa mu 323 Kristu asanabadwe. Ndalama zache ziri ndi mutu wa Herakles wobvala chikopa cha mkango, ndi Zeus wokhala pa mpando atanyamula chiombankhanga. Amalonda adazikhulupirira kotero kuti midzi yambiri idapitiriza kuzisula m'dzina lache zaka zoposa 200 mwini wache ali m'manda.

Masulidwe ache

Amene mudaona wosula makasu ali pa nchito, mudzamva msanga. Mmisiri ankazokota chithunzi pa zidindo ziwiri zolimba. Chimodzi ankachikhazika pa chosulira, naikapo kambulu ka siliva koyesedwa kale pa sikelo, nasanjika chidindo chinzache pamwamba, namenya ndi nyundo. Ndalama iriyonse idapangidwa ndi dzanja, imodziimodzi. Nchifukwa chache sizili zobulungira bwino monga za makono: ina chithunzi chidapendekeka, ina malemba adatayikira kumphepete, ina idang'aluka pang'ono. Chidindo chikatha, ankazokota china, ndipo sichinkafanana kwenikweni ndi choyamba. Amisiri ena adanyadira nchito yao. Ku Syracuse, pa chilumba cha Sicily, Kimon ndi Euainetos adalemba maina ao pa ndalama zaka ngati 400 Kristu asanabadwe, ndipo kufikira lero anthu aziyesa zokongola koposa zonse.

Denarius ya Aroma

Aroma adayamba kusula denarius cha m'ma 211 Kristu asanabadwe, ali pakati pa nkhondo yoopsa ndi Hannibal wa ku Carthage. Dzinalo litanthauza khumi, pakuti poyamba imodzi idalingana ndi makobiri khumi a mkuwa. Ndi kandalama kochepa, ka magalamu ngati anai. Kwa zaka zambiri Aroma adakana kuika nkhope ya munthu wamoyo pa ndalama za mudzi wao, poti ndiwo machitidwe a mafumu, ndipo iwo adadana nao ufumu. Julius Caesar ndiye adaswa mwambowo kuchiyambi kwa chaka cha 44, ndipo pa 15 March chaka chomwecho adamupha ndi mipeni. Zaka ziwiri pambuyo pache Brutus, mmodzi wa omuphawo, adasula ndalama yokhala ndi mipeni iwiri, kapusi ya kapolo womasulidwa, ndi tsiku la imfayo. Koma kumaso kwache adaika nkhope ya iye mwini. Taonani m'mene munthu agwera m'tchimo lomwe adaphera mnzache.

Kuyambira pa Augustus, mfumu iriyonse idaika nkhope yache ndi maina ache. Masiku amenewo kudalibe nyuzi kapena wailesi. Munthu wa kutali ankadziwa kuti kwalowa mfumu yatsopano poona nkhope yachilendo pa malipiro ache. Msilikali ankalandira madenarius 225 pa chaka m'masiku a Augustus, ndipo Domitian adakweza kufika 300. Ndalamazi zidayenda kutali ndi amalonda, kotero kuti zambiri zafukulidwa ngakhale kumwera kwa India, kumene Aroma ankagula tsabola ndi ngale.

Zimene timva m'tchalitchi

Pano nkhani yathu ikumana ndi zimene mumva tsiku la Mulungu. Aganyu a m'munda wa mphesa adapangana denarius imodzi pa tsiku. Msamariya uja adasiyira mwini nyumba ya alendo madenarius awiri, ndiwo malipiro a masiku awiri. Mai amene adayatsa nyali ndi kusesa nyumba yonse ankafuna drachma. Sadabvutike chifukwa cha kanthu kachabe, koma chakudya cha tsiku lathunthu.

Pamene adani adafuna kukola Ambuye Yesu ndi funso la msonkho, Iye adati amuonetse ndalamayo, nafunsa za nkhope ndi malemba ache. Mfumu ya masiku amenewo idali Tiberius, amene adalamula kuyambira chaka cha 14 kufikira 37. Denarius yache yodziwika idasulidwa ku Lugdunum, mudzi umene lero utchedwa Lyon m'dziko la France. Malemba ache amutcha Tiberius mwana wa Augustus amene adamuyesa mulungu, ndipo kumbuyo, pamene pali mkazi wokhala pa mpando, amutcha mkulu wa ansembe. Mukadziwa ichi mudzamvetsa chifukwa chache ndalamayo idali yowawa kwa Myuda wopembedza Mulungu mmodzi. Osonkhanitsa aikonda kwambiri, naitcha ndalama ya msonkho, ngakhale akatswiri ena ati imene idaonetsedwa tsikulo idali ya Augustus, popeza nazonso zidali kuyenda.

Msonkho wa Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu udali wina: theka la sekeli pa chaka kwa mwamuna aliyense. Ansembe ankafuna sekeli ya ku Tyre, ya magalamu ngati 14, chifukwa siliva wache adali woona, ngakhale idali ndi mutu wa Melqart, mulungu wachikunja, ndi chiombankhanga kumbuyo. Nchifukwa chache m'bwalo mudali osintha ndalama. Ambiri aganiza kuti ndalama 30 za Yudasi zidali masekeli omwewa. Sekeli imodzi idalingana ndi madenarius anai. Mukawerenga mudzapeza 120, ndiwo malipiro a waganyu a miyezi inai. Umenewo ndiwo mtengo umene munthu adagulitsira Mbuye wache.

Siliva ayamba kuthawa

Wosonkhanitsa akandandika madenarius pa thebulo monga mwa zaka zao, aona ndi maso chinthu chimene mabuku achifotokoza ndi mau ambiri. Za Augustus ziri pafupifupi siliva yekhayekha. M'chaka cha 64, chaka chimene mudzi wa Roma udapsa, Nero adachepetsa kulemera kwache naonjezamo mkuwa. Mafumu otsatira, pofuna kulipira asilikali ambiri ndi siliva wochepa, adachita chimodzimodzi, yense pang'ono. Pofika masiku a Septimius Severus, amene adalamula kuyambira 193 kufikira 211, theka lidali mkuwa. Mwana wache Caracalla mu 215 adaturutsa ndalama yatsopano yoyesedwa madenarius awiri, chinkana kulemera kwache kudali kwa imodzi ndi theka. Pofika nthawi ya Gallienus, cha m'ma 260, siliva sadakwane magawo asanu pa 100; idangokhala mkuwa wopakidwa kunja.

Kodi anthu adapusitsika? Iai. Mlimi ndi wamalonda adazindikira, nabisa ndalama zakale zabwino, naturutsa zoipa, nakweza mitengo. Mu 301 mfumu Diocletian idalamula mitengo ya zinthu zonse, niopseza imfa kwa wokweza. Koma katundu adangosowa pa msika, ndipo lamulolo lidafa lokha. Amene adabvutika koposa ndiwo osauka, amene adasunga pang'onopang'ono m'kathumba, napeza kuti chuma chao chasanduka mankhusu. Ndalama iima pa kukhulupirika kwa amene aipanga. Iye akanama, nkhope yache ikhalabe pa chitsulo, koma anthu aleka kuikhulupirira.

Osonkhanitsa

Chizolowezi chosunga ndalama zakale si cha dzulo. Wolemba mbiri Suetonius asimba kuti Augustus pa masiku a chikondwerero ankapatsa abwenzi ache ndalama za mafumu akale ndi za maiko achilendo. Petrarch, mlembi wa ku Italy amene adakhala kuyambira 1304 kufikira 1374, ankagula kwa alimi zimene adazitola polima, ndipo zina adapereka kwa mfumu Charles IV kuti ione nkhope za mafumu akale ndi kutsata abwino mwa iwo. Papa Paul II, wa zaka za 1464 kufikira 1471, adali nazo zambiri, ndipo ku Vatican kuli chipinda chosungiramo ndalama zakale. Koma amene adasandutsa chizolowezichi kukhala maphunziro enieni ndi wansembe, Bambo Joseph Eckhel wa chipani cha Ajezuiti, woyang'anira ndalama zakale za mfumu ku Vienna. Pakati pa 1792 ndi 1798 adasindikiza mabuku asanu ndi atatu, m'mene adandandika za Agriki monga mwa maiko ndi midzi yao, nachotsa zonama zimene ena adazilandira osayesa. Dongosolo lache alitsata kufikira lero.

Musayese kuti zonse ziri za mtengo woopsa. Aroma adasula madenarius osawerengeka, ndipo pa malo amodzi okha, ku Reka Devnia m'dziko la Bulgaria, mu 1929 adafukula oposa 80,000. Chotero denarius wamba yoperepeseka aigula ngakhale mphunzitsi kapena kalaliki. Zosowa ndi zokongola ndizo zifuna chuma cha mafumu. Wosonkhanitsa wanzeru asankha njira imodzi: wina afuna nkhope imodzi ya mfumu iriyonse, wina za mudzi umodzi, wina zokhala ndi nyama. Ndalamayo aigwira m'mphepete, saipukuta ndi mchenga kapena phulusa monga tichitira ndi mapoto, pakuti kuda kwache kwa zaka ndiko ulemu wache, ndipo yopukutidwa itaya mtengo. Aiyesa pa sikelo, aiyang'ana ndi galasi lokuza, nalemba pa kapepala dzina lache, kulemera kwache, ndi kumene idachokera. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Nchito iyi si ya munthu waphuma.

Misampha iwiri

Msampha woyamba ndi chinyengo, ndipo ndi wakale ngati ndalama zomwe. Anthu osaona mtima ankakuta mkuwa ndi kachikopa ka siliva, naumenya ndi chidindo. Nchifukwa chache akadzidzi ambiri ali ndi bala: wamalonda adatema ndi chisemero kuti aone za m'kati, podziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Onyenga a pambuyo pache adalinga osonkhanitsa. Carl Wilhelm Becker wa ku Germany, amene adafa mu 1830, adazokota zidindo mazana ndi luso lotere kuti ndalama zache zidalowa ngakhale m'nyumba zosungiramo zakale. Zonama zambiri za makono nzoumba m'chikombole. Uzizindikira ndi msoko wa m'mphepete, timaenje tating'ono pa nkhope, malemba ofota, ndi kulemera kosakwana. Wogula asanaturutse chikwama afunse odziwa, pakuti safunsa adadya phula.

Msampha wachiwiri ndi woipa koposa, ndiwo kuba. Ndalama zakale zituruka m'nthaka, kawirikawiri mu mbiya imene munthu adakwirira pa nthawi ya nkhondo, osabweranso. Mbiya yotere ikafukulidwa bwino ndi odziwa, isimba zambiri: chaka chimene idakwiriridwa, maiko amene mwini wache ankachita nao malonda, tsoka limene lidagwa pa mudziwo. Koma akaifukula usiku ndi kumwaza ndalamazo pa msika, mbiri yonse itayika, ndipo palibe angaibweze. Maiko monga Greece, Italy ndi Turkey ali ndi malamulo akuti zopezeka m'nthaka nza mtundu wonse, ndipo mu 1970 maiko ambiri adapangana kudzera mu UNESCO kuletsa malonda a zakale zakuba.

Tikupatseni zitsanzo. Mu 1984 ku Elmali m'dziko la Turkey anthu adafukula mobisa ndalama za siliva za Agriki pafupifupi 1,900, nazizembetsa kunja. Padatsata milandu ya zaka zambiri, ndipo mu 1999 zoposa 1,600 zidabwezedwa kwao. Mu 2020 ku London ndalama ya Brutus ija ya mipeni iwiri, koma yagolidi, idagulidwa ndi mapaundi oposa mamiliyoni atatu. Pambuyo pache zidadziwika kuti makalata osimba kumene idachokera adali onama, ndipo mu 2023 akulu a milandu a ku New York adaibweza ku Greece. Wogulayo adatsala manja ali m'khosi.

Tsono imvani za wina. Mu 2010 pafupi ndi Frome ku England munthu wina adapeza mbiya yaikuru m'munda. Ataona kuti muli ndalama, adaleka kukumba, nakwiriranso, nakauza oyang'anira zakale. Iwo adadza naturutsa ndalamazo mosamala, mzere ndi mzere, nawerenga 52,503. Zambiri zidali za masiku aja siliva atathawa, ndipo zina zidali za Carausius, amene adadziika yekha mfumu ku Britain cha m'ma 286. Lero ziri m'nyumba ya zakale ku Taunton, kumene mwana wa sukulu aliyense angazione, ndipo wopezayo ndi mwini munda adagawana mphotho monga mwa lamulo. Iye adagona tulo tabwino, ndi dzina lache losada.

Mau otsiriza

Nanga ife titengepo chiani? Kapena m'bokosi la agogo muli tiki, shereni, kapena kobiri loboola pakati la masiku a Rhodesia ndi Nyasaland. Musalitaye, musalipatse mwana kuti aseweretse pa fumbi, ndipo musalipukute. Khalani pansi madzulo ano, mufunse mwini wache kuti adalipeza bwanji ndi kuti linkagula chiani, ndipo mwana wodziwa kulemba alembe pa pepala, mulisunge pamodzi. Pamenepo mwachita nchito yomwe achita osonkhanitsa enieni, pakuti ndalama yopanda mbiri yache ndi chitsulo chabe. Ndipo khasu lanu likagunda mbiya yakale, mikanda kapena zitsulo za makolo, musathamangire kwa munthu wodutsa amene alonjeza mtengo. Kauzeni amfumu ndi akulu a boma oyang'anira zakale.

Anthu amene adagwira madenarius aja adatha onse: mfumu imene idaikapo nkhope yache, kapolo amene adakumba siliva, msilikali amene adalandira, ndi uja adakwirira mbiya nayesa kuti adzabwera mawa. Chitsulo chidatsala, eni ache adapita. Wamalonda wakale sadakhutire ndi nkhope ya kunja. Adayesa pa sikelo, natema kuti aone za m'kati. Ifenso tsiku lina tidzayesedwa chotero, ndipo tipemphere kuti tidzapezeke siliva woona, si mkuwa wopakidwa.